PowerTOP inandisonyeza chomwe chinkadya batire

Ngati mwamanga nokha kernel ya Linux (chimake cha Linux chomwe chimayendetsa zida za kompyuta) ndipo batire ya laputopu yayamba kutha msanga, yambirani pa PowerTOP, pulogalamu yaulere imene Intel anatulutsa mu 2007. Laputopu yanga inkatentha ngakhale ili chikhalire, ndipo magetsi akazima ntchito inkaima posakhalitsa.

Mu PowerTOP, pagawo la Idle stats ndinaona kuti C6 ndi C7, magawo omwe purosesa imapumuliramo kwambiri, sankaoneka n'komwe. CONFIG_INTEL_IDLE, mbali ya kernel yoyang'anira kupumula kwa purosesa za Intel, inali yozimitsa. Nditaiyatsa n'kumanganso kernel, fani inakhala chete, batire n'kumakhalitsa ngati kale. Ndimaikonda PowerTOP chifukwa imaloza pamene pali vuto.

Koma samalani ndi --auto-tune, njira imene PowerTOP imasinthira yokha zinthu kuti batire isathe msanga: imatha kugonetsa mausi ya USB, komanso zomwe yasintha zimafufutika mukayatsanso kompyuta.