Galaja imene amayamba aona chitsulo asanachiwotcherere

Eni zigayo ndi eni maboti a injini kuno ku Mangochi, pali galaja ina pa Boma, chakufupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, imene ndikufuna muidziwe. Ambirife tinazolowera kuti chitsulo chikavuta timathamangira kwa wowotcherera, iye n'kupsereza ndodo ziwiri zitatu, basi tabwerera. Bambo a pagalajayi sayatsa makina asanachione chitsulocho bwinobwino, ndipo kuonako amalipiritsa padera. Ena amanyinyirika nazo. Ine ndimapereka ndi mtima umodzi.

Ndinawapititsira shafiti ya chigayo changa cha ku Namwera chitayamba kunjenjemera modabwitsa. Anayamba kuitsuka ndi palafini, kuikwecha ndi bulashi ya waya mpaka girisi ndi dzimbiri zonse zitachoka, chifukwa mng'alu umabisala pansi pa litsiro. Kenako anagoneka tochi cham'mbali kuti kuwala kuyende chokwawa pachitsulo, nkhope ili pafupi, galasi lokulitsa lili m'manja. Malo osaoneka amalowetsako kakalilole ka pandodo. Anandiuza kuti malamulo a ntchitoyi amafuna diso lisatalikire kupitirira masentimita 60, komanso lisapendekeke kuchepera madigiri 30 kuchokera pankhope ya chitsulocho.

Sanataye nthawi ndi shafiti yonse. Anakakamira pakona ya mpata wolowa kiyi wa pule, pomwe chitsulo chimayambira kutopa. "Mayi, bwerani muone nokha," anatero. Kamzere kake kanali ngati tsitsi limodzi. Kuti nditsimikize, ananyowetsanso ndi palafini, n'kupukuta, n'kupaka choko. Patapita kanthawi palafini wotsalira mumng'alu anatulukira, n'kudetsa chokocho motsata mzere wonse. Njira imeneyi ndi yakale, amisiri a sitima za pamtunda ankaigwiritsa ntchito kalekale, ndipo chitsulo sichidulidwa kapena kuonongeka ngakhale pang'ono.

Anakana kuiwotcherera. Anati shafiti yozungulira mwamphamvu chotere ikaphimbidwa pamwamba, mng'alu umapitirira pansi mpaka tsiku lothyoka nyundo zili pa liwiro, mwana wogayitsa ataima pomwepo. Ndinagula ina.

Chinanso chimene ndimawalemekezera, sakunamiza. Amanena poyera kuti diso limaona za pamwamba zokha. Timibowo tobisika mkati mwa malo amene awotcherera timafuna makina ena amene iwo alibe.

Zodandaula zilipo. Amachedwa, makamaka asodzi a ku Malombe ndi ku Makawa akaunjika mapulopela ndi mainjini awo a Yamaha. Mukabwera masana mudzagona pa Boma. Salembanso kalikonse papepala, zonse n'zapakamwa, pomwe ine ndikanakonda kakalata kosonyeza zimene apeza kuti ndikaonetse amene anandigulitsa shafitiyo. Fikani m'mawa dzuwa likuwala bwino, ndipo chitsulo musachipake penti musanabwere nacho, chifukwa mukatero adzakuuzani kuti muipale.