Laibulale ya pa koleji yathu: ndi yothandiza zedi, koma ife a madzulo inatiiwala

Ndikuipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu, ndipo imodzi yosowayo ndaichotsa chifukwa cha nthawi yotsekera. Ndimagwira ntchito masana, madzulo ndimaphunzira akauntingi pa koleji ya m'dera. Ndalemba izi poganizira anzanga ongoyamba kumene, makamaka amene anasiya sukulu kalekale ndipo abwereranso ali ndi ana kunyumba. Ambiri otere amamaliza chaka choyamba osapondamo, poganiza kuti mmenemo ndi mongosungira mabuku akale.

Mabuku akalewo alimodi. Anawasanja motsatira manambala a Dewey, njira imene Melvil Dewey anaitulutsa mu 1876, yogawa maphunziro onse m'magulu khumi kuyambira 000 mpaka 999. Ukangodziwa nambala ya phunziro lako sufunanso wokulondolera. Akauntingi ali pa 657, kayendetsedwe ka bizinesi pa 658, za misonkho pa 336.2, masamu pa 510, ndipo anzathu a unamwino nthawi zonse umawapeza ataunjikana pa 610. Kumutu kwa shelefu iliyonse anamatako pepala la manambalawa m'zilembo zikuluzikulu, moti ngakhale ife amene maso anayamba kuvuta timawerenga tili patali. Chimene ndimakonda n'chakuti ukapita kukafuna buku limodzi, ena a nkhani yomweyo amakhala pambali pomwepo, ndipo kawirikawiri limene umatuluka nalo si limene unabwerera.

Koma pa 657 pamenepo muzisamala. Malamulo a kalembedwe ka maakaunti amasintha, pomwe buku la pa shelefu limangokhala mmene linalili. Taonani nkhani ya lendi. Kale, pansi pa lamulo la maakaunti la mayiko ambiri lotchedwa IAS 17, kampani yochita lendi nyumba kapena galimoto inkatha kungolemba ndalama ya lendiyo ngati yogwiritsidwa ntchito m'chaka chimenecho, basi. Kuyambira pa 1 Januwale 2019 m'malo mwake panabwera IFRS 16, imene imati lendi zambiri zizioneka pa balance sheet, pepala loonetsa katundu ndi ngongole za kampani, mbali ina ngati katundu, mbali ina ngati ngongole, kupatulapo za nthawi yochepa ndi za zinthu zotsika mtengo. IFRS 15, ya kawerengedwe ka ndalama zolowa, nayo inayamba kugwira ntchito mu 2018. Pa shelefu pathu pali mabuku onenepa, a zikuto zokongola, amene anasindikizidwa zonsezi zisanachitike, ndipo palibe kapepala kochenjeza munthu. Wophunzira wakhama akhoza kuloweza mutu wonse, n'kukalakwa mayeso chifukwa cha khama lake lomwelo. Musanabwereke, tsegulani kuseri kwa tsamba la mutu wa buku muone chaka. Mabuku a masamu alibe vutoli, algebra ya zaka makumi atatu zapitazo ndi yomweyi ya lero. Koma a maakaunti, a malamulo, a mankhwala ndi a kompyuta, chaka ndicho choyamba kuyang'ana. Sindikuti awataye akalewo, poti ena amafotokoza chiyambi cha double entry, njira yolemba ndalama iliyonse mbali ziwiri, momveka kuposa atsopano. Akanangomata kachizindikiro kofiira pamsana pa bukulo, zikanakwana.

Mabuku atsopano, amene aphunzitsi akugwiritsa ntchito teremu ino, sali pa mashelefu a aliyense. Ali kuseri kwa desiki, pa shelefu ya reserve. Umasiya khadi lako la sukulu, amakupatsa buku kwa maola awiri, ndipo sutuluka nalo pakhomo. Kwa munthu amene sangakwanitse kugula buku la kosi iliyonse, shelefu imeneyi ndi imene imamusunga pa sukulu. Pali makina osikanira pafupi, amalola kusikana mutu umodzi n'kudzitumizira pa imelo. Buku lonse amakana, ati malamulo a umwini wa mabuku salola, ndipo pamenepa sanyengerera ngakhale utadandaula motani. Ndinaona mnyamata wina akuyesa kujambula tsamba lililonse ndi foni, mayi wa pa desiki anangomuyandikira n'kunena motsitsa mawu kuti, "Achimwene, mutu umodzi. Mawa mubwerenso, buku silithawa."

Chimene chandichititsa kupereka nyenyezi zinayi si mabuku ayi, ndi bambo amene amakhala pa desiki ya mafunso. Tinapatsidwa asainimenti yolemba za mmene mabizinesi ang'onoang'ono angatetezere ndalama kuti antchito asamabe, ndipo aphunzitsi anati akufuna zolemba za akatswiri, osati za pa masamba wamba a pa intaneti. Nditawafotokozera, bamboyo sanandifufuzire. Anatembenuza sikirini kuti tizionera limodzi, n'kundikankhira kiyibodi. "Amayi, lembani nokha, ine ndizingokuuzani. M'mutu wanuwu mawu enieni ndi ati?" Tinagwirizana pa internal control ndi small business. Anati chilichonse ndichitsekere m'zizindikiro zogwira mawu kuti makina asawamwaze, pakati ndiike AND. Zotsatira zinachepa pomwepo. Kenako anandilozera kabokosi ka kumanzere kolembedwa peer reviewed, ndiye kuti zolemba zimene akatswiri ena a phunzirolo anaziunika zisanasindikizidwe, ndi kena kosankhira zaka. Zitachepa kwambiri anati tiwonjezere OR ndi mawu ena a tanthauzo lofanana, zinachulukanso pang'ono. Pomaliza anandiuza kuti ndisamayambe ndi kuwerenga nkhani yonse. "Yambani ndi abstract, chidule cha kumayambiriro chija, kenako dumphirani kumapeto. Ikakhala yanu mudziwa pomwepo. Nthawi yanu ndi yochepa, Amayi, musaiwononge pa nkhani ya eni."

Zimenezi palibe mphunzitsi wa m'kalasi amene anandiphunzitsapo, ndipo ndikuzigwiritsa ntchito pa kosi iliyonse. Bamboyo amachititsanso timaphunziro tatifupi kumayambiriro kwa teremu, ta kafufuzidwe ndi ka kalembedwe ka magwero m'njira ya APA. Ndi kumeneko kumene ndinadziwira Zotero, pulogalamu yaulere yosungira zolemba zimene wapeza, imene imakulembera yokha mndandanda wa magwero. Anatichenjeza kuti tiziunikabe tokha, chifukwa ikatola dzina la wolemba molakwika kuchokera pa tsamba, imalemba molakwika momwemo.

Ma database, nkhokwe za pa intaneti za zolemba za akatswiri, amene koleji imalipira amatseguka ngakhale uli kunyumba, umangolowa ndi nambala yako ya sukulu ndi pasiwedi. Ife tili ndi EBSCOhost ndi JSTOR. Ndi bwino kudziwa kusiyana kwake usanataye nthawi. JSTOR, imene inayamba mu 1995, ndi nkhokwe ya magazini a maphunziro kuchokera kumayambiriro kwake, koma magazini ambiri amafikamo patapita zaka zitatu mpaka zisanu chitulukireni. Ndi yabwino pa mbiri ndi pa maganizo a akatswiri akale. Ukafuna za chaka chatha, yamba ndi EBSCOhost. Pa tsamba la laibulale anaikaponso njira yopita ku DOAJ, mndandanda wa magazini a maphunziro aulere umene unayamba mu 2003, ndipo uwu udzautsegulabe ngakhale utamaliza sukulu, pasiwedi ya koleji itasiya kugwira ntchito. Palinso mabuku aulere a OpenStax, a ku Rice University, amene anayamba kutuluka mu 2012. A masamu ndi a sayansi ndi abwino kwambiri. A akauntingi amatsatira malamulo a ku America a GAAP, choncho ngati kosi yanu ndi ya IFRS, tengani mafotokozedwe a chiyambi okha, zina zonse mufunse aphunzitsi. Amene mumakonda Google Scholar, tsamba la Google lofufuzira zolemba za akatswiri, pemphani a pa desiki akulumikizireni ku laibulale ya koleji, kuti nkhani imene koleji inalipira kale izikuonekerani yotseguka m'malo mokupemphani ndalama.

Kalozera wa mabuku ali pa intaneti, amayendera pulogalamu ya Koha, ndipo amatseguka bwino pa foni. Umaona ngati buku lilipo kapena wina anabwereka, umatha kulisungitsa kuti likabwera likhale lako, komanso kuwonjezera masiku osapitako, bola wina asakhale atalisungitsa. Uthenga wokumbutsa umafika pa imelo tsiku lobweza lisanakwane. Chindapusa chilipo, ndipo cha mabuku a reserve chimawerengedwa pa ola, osati pa tsiku. Buku limene kulibe amatha kukubwerekera ku laibulale ina. Zimatheka ndithu, koma zimachedwa, ndiye pemphani tsiku limene mwalandira asainimenti, osati sabata yopereka.

Za makompyuta ndinene mwachidule. Pakati pa teremu amakwana, mayeso akayandikira sakwana, ndipo ena amaikapo chikwama n'kupita kukadya. Amabwereketsa malaputopu ochepa ndi makakyuleta, zimatha m'mamawa. Masoketi ali m'mbali mwa khoma mokha, ndiye wokhala pa matebulo a pakati azibwera batire ili yodzaza. Wi-Fi ndi yamphamvu kutsogolo, koma kuseri kwa mashelefu a 900, kumene kuli bata lenileni, imangodukaduka. Makina opulintira amachita bwino, ngakhale kuti tsiku lopereka maasainimenti mzere umafika pakhomo. Zipinda zokambiranamo m'magulu umasungitsa pa intaneti, muli bolodi loyera koma zolembera zake nthawi zambiri zimakhala zouma, tengani zanu. Khomo ndi lotakata, pali tebulo lokwera bwino la munthu wa pa njinga ya olumala, ndipo kompyuta imodzi ili ndi pulogalamu yowerengera mokweza anthu a vuto la maso. Mnzanga wa m'kalasi amene amaigwiritsa ntchito akuti vuto lake n'lakuti ena amakhalapo osadziwa kuti ndi yapadera, chifukwa chikwangwani chake n'chaching'ono.

Tsopano nyenyezi yosowa ija. Koleji ya m'dera si yunivesite ya ana ogonera pa sukulu. M'kalasi mwathu muli oyendetsa magalimoto, ogulitsa m'masitolo, alonda, amayi amene amayamba aphikira ana asanabwere. Timafika pa sukulu tikuthamanga, kalasi itatsala pang'ono kuyamba, ndipo pamene tikutuluka laibulale imakhala itazimitsa magetsi. Loweruka amatsegula mpaka masana okha, pomwe ambiri a ife Loweruka m'mawa timakhala ku ntchito. Lamulungu n'kotseka. Ndalama ya laibulale imene ili pa fizi timalipira yofanana ndi a masana, koma chimene timapeza si chofanana.

Pamene zimandiwawa kwambiri ndi pa shelefu ya reserve yomwe ndaiyamikira ija. Pali lamulo labwino lakuti buku la reserve ukhoza kupita nalo kunyumba usiku umodzi, ukalitenga mu ola lomaliza asanatseke n'kulibweza m'mawa akangotsegula. Ola lomalizalo ife timakhala tili m'kalasi, ndipo m'mawa akamatsegula timakhala tili ku ntchito. Amene analemba lamuloli anali ndi mtima wabwino, koma m'maganizo mwake munali wophunzira wa masana. Zotsatira zake, amapita nalo kunyumba bukulo ndi amene anali ndi tsiku lonse loliwerengera m'laibulale momwemo. Ena a ife timazemba m'kalasi pang'ono kukalitenga, aphunzitsi n'kumatiyang'ana ndi diso la kumbali, kenako timapempha mnzathu wa masana kuti akatibwezere. Bokosi loponyamo mabuku lilipo panja pa khomo, koma mabuku a reserve salola kuponyamo.

Bambo a pa desiki ya mafunso aja nawonso amaweruka madzulo asanafike. Amene amatsala ndi ophunzira ogwira ganyu, aulemu ndithu, amabwereketsa mabuku bwinobwino, koma ukawafunsa za database amakuuza kuti ubwere mawa masana. Ine ndinakumana nawo bamboyo chifukwa tsiku limenelo ndinali pa tchuthi ku ntchito. Pali imelo yotumizirako mafunso ndipo amayankha tsiku lotsatira, mayankho ake omveka bwino, koma sizifanana ndi kukhala pambali pa munthu akukulozera pa sikirini. Timaphunziro ta APA tija natonso timachitika nthawi ya nkhomaliro. Akanatijambula n'kutiika pa tsamba la laibulale, a madzulo tikanaonera pa foni.

Nkhaniyi tinaipereka kudzera kwa woimira kalasi yathu. Anatiyankha mwaulemu kuti antchito ndi ochepa ndipo kuwonjezera maola kumafuna ndalama za ovataimu ndi mlonda. Ndikuwamvetsa, koma pempho lathu silinali lakuti azitsegula usiku wonse. Tinapempha zinthu zitatu: masiku awiri pa sabata azitsegula mochedwerapo m'mawa kuti atsekenso mochedwa, buku la reserve lizitheka kusungitsa pa intaneti n'kulitenga nthawi yopuma ya kalasi, ndipo lizibwezedwa madzulo a tsiku lotsatira. Pa zitatuzi palibe chofuna wantchito watsopano. Sabata ya mayeso a teremu yatha anayesa kutseka mochedwa, ndipo anthu anadzaza mpaka ena anakhala pansi m'mbali mwa mashelefu. Mayeso atatha anabwerera ku nthawi yakale, ndipo za reserve akuti akambirana ku komiti.