BoxRec pa mkangano wa Mayweather, Pacquiao ndi anzawo: zimene imakupatsani ndi zimene singathe

Okonda nkhonya akayamba kutsutsana za amene anali katswiri kuposa mnzake, sipatenga nthawi wina asanatulutse foni n'kutsegula BoxRec. Kaundula wa pa intaneti wa ndewu za nkhonya ameneyu anayambitsidwa mu 2000 ndi John Sheppard wa ku Doncaster, ku England, ndipo mu 2016 bungwe la Association of Boxing Commissions la ku America linamuvomereza kuti akhale mmodzi mwa osunga zotsatira za ndewu. Ndi waulere, kungoti mukatsegula masamba angapo amafuna kuti mulembetse ndi imelo. Lembetsani, chifukwa zofunika kwambiri zimaoneka bwino mukalowa ndi dzina lanu. Bandulo sadya kwambiri poti zambiri ndi malemba ndi manambala, koma pa foni yaing'ono mizere imapanikizana, choncho foniyo muigwire chopingasa.

Mukalemba dzina la wankhonya, pamwamba pamabwera dziko lake, msinkhu, kutalika kwa manja akatambasula, ndiponso ngati amatsogoza dzanja lamanzere kapena lamanja. Pansi pake pali ndewu zonse, mzere umodzi ndewu imodzi: tsiku, mdani wake, mbiri ya mdaniyo monga inalili tsiku limenelo, malo, ndi mmene ndewu inathera. Zilembo zake muzizolowere. UD ndiye kuti oweruza onse atatu anagwirizana. SD ndiye kuti awiri anapatsa uyu, mmodzi uyo. MD ndiye kuti awiri anasankha wopambana pomwe wachitatu anati afanana mphamvu. TKO wayimitsa ndi woyimbira, RTD wankhonya wakana kapena waletsedwa kudzuka pampando raundi itatha, DQ wachotsedwa chifukwa chophwanya malamulo. Kusadziwa zimenezi kumasokeretsa. Roy Jones Jr. anagonja koyamba mu 1997 kwa Montell Griffin, koma pamzerepo palembedwa DQ, chifukwa anamenya munthu atagwada kale. Atakumananso chaka chomwecho, Griffin sanamalize raundi yoyamba.

Anthu ambiri amangowerenga manambala atatu a pamwamba, a kupambana, kugonja ndi kufanana mphamvu, n'kutseka, pamene phindu la BoxRec lili pa mbiri ya adani. Deontay Wilder anafika pa ndewu yake yoyamba ndi Tyson Fury mu Disembala 2018 atapambana ka 40 osagonjapo, ndipo ndewu 39 anazimaliza nthawi isanakwane. Tsikani nawo mndandanda. Mpaka pamene ankalanda lamba wa bungwe la nkhonya la WBC kwa Bermane Stiverne mu Januwale 2015, anali asanapyolepo raundi yachinayi, ndipo mayina ambiri a m'ndewu 32 zoyambazo simungawapeze pa mndandanda wa wina aliyense wotchuka. Dzanja lake lamanja linali loopsa ndithu, Luis Ortiz analilawa kawiri, koma kaundulayo akuonetseratu kuti linayesedwa mochedwa. Tsopano tsegulani Isaac Chilemba, mwana wa ku Blantyre. Malo ofiira osonyeza kugonja alipo angapo, koma onani mayina: Tony Bellew mu 2013, amene anayamba wafanana naye mphamvu, Eleider Alvarez mu 2015 pa MD, Sergey Kovalev mu 2016 kwawo ku Russia, mumzinda wa Yekaterinburg, Dmitry Bivol mu 2018. Kovalev wa nthawi imeneyo ankagwetsa pafupifupi aliyense, koma Chilemba anafika naye belu lomaliza la raundi 12, chimodzimodzinso ndi Bivol. Munthu amene wangoona chiwerengero cha kugonja sangadziwe kuti akuyang'ana mmodzi mwa ankhonya ovuta kuwamenya bwino m'gulu la mapaundi 175.

Chachiwiri chimene BoxRec imachita bwino ndi kulemera ndi zaka, ndipo apa mbali zonse ziwiri za mkangano wa amene anali katswiri pakati pa Floyd Mayweather ndi Manny Pacquiao zimapsa. A Mayweather amanyadira kuti anagonjetsa Canelo Alvarez mu Seputembala 2013. N'zoona, ndipo anamuphunzitsa nkhonya usiku umenewo, koma Canelo anali ndi zaka 23, ndipo anagwirizana kuti akwere sikelo pa mapaundi 152 pamene malire a gululo ndi 154. Ndewu ya Mayweather ya nambala 50 inali ndi Conor McGregor, amene pamzere wake palembedwa kuti anali asanamenyepo ndewu ya nkhonya yolipidwa ngakhale imodzi. A Pacquiao nawo asafulumire kuwomba m'manja. Oscar De La Hoya wa mu Disembala 2008 anali ndi zaka 35 ndipo anadzifinya mpaka mapaundi 145. Miguel Cotto anamenyedwa pa 145 m'malo mwa 147, ndipo lamba wa mapaundi 154 Pacquiao anamupeza pogonjetsa Antonio Margarito pa mgwirizano wa 150. Zonsezi mumazipeza m'mphindi zisanu. Chenjezo n'lakuti nambala imeneyi ndi ya pasikelo, dzulo lake la ndewu. Wankhonya akamwa madzi n'kudya amatha kulowa m'zingwe atawonjezera mapaundi 10 kapena kuposa. Vasyl Lomachenko anagonja pa ndewu yake yachiwiri mu Marichi 2014 kwa Orlando Salido, amene analephera kutsika mpaka pa mapaundi 126 ndipo usiku wa ndewu anali wamkulu moonekeratu, kuwonjezera apo ankamenya m'munsi mwa lamba woyimbira akuyang'ana. Pa kaundula pangolembedwa SD.

Mapointi a oweruza ndiwo amandisangalatsa kwambiri pa tsambali. Wopambana raundi amalandira 10, mnzake 9, ndipo kugwa kumachotsa pointi ina. Choncho ngati palibe wagwa kapena kulangidwa, 115-113 ndi maraundi 7 kwa 5, 116-112 ndi 8 kwa 4, ndipo 118-110 ndi 10 kwa 2. Mukadziwa zimenezi, khadi la Adalaide Byrd la 118-110 lopatsa Canelo pa ndewu yoyamba ndi Gennady Golovkin mu 2017 limakuuzani kuti mayiyu anapatsa Golovkin maraundi awiri okha, pamene Dave Moretti anamupatsa 7 ndipo Don Trella anati 114-114. Dzina la woweruza aliyense mungalidine n'kuona ndewu zonse zimene anaweruzapo. Dinani C.J. Ross. Ndi yemwe anapatsa Timothy Bradley 115-113 pa Pacquiao mu Juni 2012, ndipo ndi yemwenso analemba 114-114 pa Mayweather ndi Canelo. Ndewu ya Lennox Lewis ndi Evander Holyfield ya mu Marichi 1999 yalembedwa kuti anafanana mphamvu, koma mukatsegula mupeza kuti Stanley Christodoulou wa ku South Africa yekha ndiye anapatsa Lewis, 116-113, zimene pafupifupi aliyense woonera anagwirizana nazo.

Pamene BoxRec imathera mphamvu ndi pa kamenyedwe, ndipo mkangano weniweni umagona pamenepo. Ndewu ya ku Kinshasa ya pa 30 Okutobala 1974 yalembedwa kuti Muhammad Ali anagwetsa George Foreman mu raundi 8, basi. Mulibe zoti Ali anayamba ndi kuponya dzanja lamanja osatsogoza jabu (nkhonya yofulumira ya dzanja lakutsogolo), chinthu chimene wankhonya sachita kwa munthu woopsa, kapena zoti anatsamira zingwe n'kumamukanikiza Foreman pakhosi akagwirana mpaka manja ake analema.

Tengani atatu awa: Mayweather, Pacquiao ndi Juan Manuel Marquez. Marquez anamenyana ndi Pacquiao kanayi. Mu 2004 anagwa katatu mu raundi yoyamba koma anafanana mphamvu, mu 2008 anagonja pa SD, mu 2011 pa MD, ndipo mu Disembala 2012 anamugoneka chafufumimba mu raundi 6. Marquez yemweyo atakumana ndi Mayweather mu 2009, woweruza wina sanamupatse raundi ngakhale imodzi, 120-107. Wowerenga kaundula yekha anganene kuti nkhani yatha. Koma chifukwa chake chili m'miyendo ndi m'mapewa. Pacquiao ndi wamanzere amene amalowa modumpha, jabu kawiri kenako lamanzere lolunjika, ndipo podumphapo mutu wake umadutsa pamzere wa dzanja lamanja la mdani. Marquez ankadikira nthawi imeneyo, n'kupendeka pang'ono, n'kuponya lamanja pamwamba pake. Luso lake lonse linali lobwezera. Mayweather sanamupatse choti abwezere: anali wamtali manja, ankaima patali, ndipo anabweranso atapyola kulemera kumene anagwirizana ndi mapaundi awiri. Marquez anakakamizika kuyamba yekha, ntchito imene sanali kuidziwa bwino.

Chitetezo cha Mayweather nachonso chinali ndi pobowoka. Ankakweza phewa lamanzere kubisa chibwano, mkono wamanzere utapingasa pamimba, dzanja lamanja lili patsaya. Nkhonya yamanja yolunjika inkatsetsereka paphewa, iye n'kubwezera pompo. Amene anamuvutitsa ndi amene sanamenye molunjika. Jose Luis Castillo mu Epulo 2002 anamutsekera kuzingwe n'kumamenya nthiti, ndipo Marcos Maidana mu Meyi 2014 ankagwetsa dzanja lamanja kuchokera pamwamba ngati akuwaza nkhuni, n'kumadutsa pamwamba pa phewa lija. BoxRec imakupatsani kachizindikiro chabe, 114-114 ya woweruza mmodzi pa Maidana. Pa Castillo, makhadi a 116-111, 115-111 ndi 115-111 amaoneka ngati ndewu yosavuta, pamene ambiri amene anaionera mpaka lero amati Castillo anapambana.

Ena amathamangira ku CompuBox, imene imawerenga nkhonya zoponyedwa pa ndewu, kuti atseke mpata umenewu. Manambala ake ndi othandiza, monga akuti pa 2 Meyi 2015 Mayweather anafikitsa nkhonya 148 mwa 435 pamene Pacquiao anafikitsa 81 mwa 429. Kumbukirani kuti amawerenga ndi anthu awiri, aliyense akuyang'ana wankhonya mmodzi n'kumadina mabatani anayi: jabu yafika, jabu yaphonya, yamphamvu yafika, yamphamvu yaphonya. Nkhonya iliyonse imene si jabu imawerengedwa kuti ndi yamphamvu, kaya yangokhudza kaya yagwedeza miyendo.

Mbali imene sindingalimbikitse munthu kuidalira ndi mndandanda wa akatswiri a nthawi zonse umene BoxRec imapanga ndi kompyuta. Imagawa mapointi motengera amene wagonjetsa ndani, ndipo njira yowerengerayo imasinthidwa nthawi ndi nthawi, moti munthu amene anamwalira kalekale amatha kukwera kapena kutsika. Kompyuta imatenga chigamulo cha oweruza monga chilili, choncho Pernell Whitaker salandira zonse zomuyenera pa ndewu ya 1993 ndi Julio Cesar Chavez, imene analamulira koma n'kulembedwa kuti anafanana mphamvu. Siidziwanso kuti Ali anakhala osamenya kuyambira Marichi 1967 mpaka Okutobala 1970, ali pachimake, chifukwa chokana kupita kunkhondo ya ku Vietnam. Za mibadwo yosiyana ndiye nkovutiratu. Rocky Marciano wa 49-0 ankalemera mapaundi osafika 190 pa ndewu zake zolimbirana lamba, pamene Fury anakwera sikelo pa 262 pokumana ndi Oleksandr Usyk mu Meyi 2024. Masiku ano Marciano akanakhala m'gulu lotsika. Mbiri za ndewu zakale kwambiri zinatoledwa m'manyuzipepala, ndipo zotsatira za m'mayiko amene mabungwe ake satumiza malipoti mwachangu zimachedwa kapena kusowa, zimene zimapweteka ankhonya a kuno kwathu pofuna ndewu zakunja, chifukwa okonza ndewu amayamba ayang'ana pomwepo.

Pa masiku, kulemera, adani ndi makhadi a oweruza, palibe china chaulere chofanana ndi BoxRec, ndipo aliyense wotsutsana za nkhonya ayenera kukhala nayo. Njira yabwino yoigwiritsira ntchito ndi kuisandutsa mlozo wa ndewu zoti muonere. Pezani mzere uliwonse wa SD kapena MD, lembani mapointi a oweruza pambali, kenako funani kanema wa ndewuyo, tsekani mawu a owulutsa, ndipo muzilemba 10 ndi 9 nokha raundi iliyonse ikatha. Yambani ndi Marvin Hagler ndi Sugar Ray Leonard ya pa 6 Epulo 1987. Woweruza wina anati 115-113 Hagler, wina 115-113 Leonard, wachitatu 118-110 Leonard. Muyang'anitsitse masekondi 30 omaliza a raundi iliyonse, pamene Leonard ankathira nkhonya zambiri zofulumira, ndipo muziyerekeze ndi zimene Hagler wachita m'mphindi ziwiri ndi theka zoyambazo.