Sukulu ya ndege ku Joni: phunziro la go-around ndi labwino, simuleta yawo ayi

Pa maphunziro onse amene ndalipira pasukulu yoyendetsa ndege kuno ku Johannesburg, lomwe ndalama zanga zagwiradi ntchito ndi la go-around, pomwe umasiya kutera n'kukweranso m'mwamba. Ndege yake ndi Cessna 172.

Aphunzitsi sanandiyambitsire pafupi ndi nthaka. Tinakwera kaye kutali, n'kuikonza ndege ngati ikutera: mafulapu (zigawo za kumbuyo kwa mapiko zothandiza ndege kuuluka pa liwiro lochepa) onse pansi, injini yochepetsa ndi throttle (chogwirira chowonjezera kapena kuchepetsa mphamvu yake), trim (chipangizo chopeputsa chiwongolero) yokweza mphuno. Kenako anati, "Kankhani throttle yonse, mapazi asagwire kanthu." Mphuno inadzuka yokha n'kupotokera kumanzere, liwiro likutsika, kabelu kochenjeza za stall (pomwe mapiko amasiya kunyamula ndege) kakulira. Chiwongolero chinalemera moti mkono unachita kunjenjemera pochikankha. Zimenezi zikakuchitikira mamita ochepa pamwamba pa bwalo, mpata wokonza palibe.

Titatera anandijambulira papepala chifukwa chake. Ukakhala m'kati, propela imazungulira kumanja, ndiye injini imapendeketsa ndege kumanzere. Mphepo ya propela imakulunga thupi la ndege n'kukamenya chipsepse cha kumbuyo mbali ya kumanzere. Mphuno ikakwera, tsamba la propela lomwe likutsika, la kumanja, limakoka kuposa linzake. Zonsezi zimakankhira mbali imodzi, ndipo mankhwala ake ndi phazi lamanja pa rudder, chokhotetsera cha kumchira chomwe umachiyendetsa ndi mapazi. Ukafuna kudzutsa phiko lomwe lapendekera pansi ndi chiwongolero chokha liwiro lili lochepa, phikolo likhoza kugweratu. Pa mafulapu sanyengerera: bweza pa madigiri 20, otsalawo pang'onopang'ono liwiro likamakwera. Ukawachotsa onse kamodzi, ndege imatitimira.

Ndinakondanso kuti amaphunzitsa dala masana kukutentha. Joni ili pamtunda wa mamita oposa 1,600, mpweya ndi wopepuka, injini sikoka monga kunyanja. Apa m'pamene munthu amakopeka kukoka mphuno mopitirira poona mitengo ikuyandikira.

Chondidandaulitsa ndi simuleta, makina oyesererapo kuyendetsa ndege uli pansi. Chiwongolero chake ndi chofewa nthawi zonse, kaya trim ili pati, choncho kulemera kuja, komwe ndi mutu wa phunziro lonse, sukumva n'komwe. Komabe amakulipiritsa ola lathunthu musanakwere ndege yeniyeni. Ndinawauza a ku ofesi kuti ola limenelo alisandutse la m'mwamba. Anangoti ndondomeko yawo ndi yomweyo.