Okapi, Opinel kapena Victorinox: ndi mpeni uti woyenera thumba la munthu wa kunyanja?

Kuno ku Salima ndi Nkhotakota mpeni wopinda sumwera tiyi. M'mawa wadula chingwe cha ukonde ku Senga Bay, masana wasenda mango kapena nzimbe za ku Dwangwa, madzulo watumbula chambo chimene mwagula pa Chia. Ndiye pogula musayambe mwayang'ana kunyezimira. Yambani mwadzifunsa ngati ungapirire madzi, mchenga ndi thukuta la mu Okutobala.

Okapi ambiri timamudziwa kudzera mwa abale obwera ku Joni. Anayamba kupangidwa ku Solingen, m'dziko la Germany, mu 1902, ndipo kuyambira 1988 amapangidwa ku South Africa. Wamkulu uja, wa chigwiriro cha thabwa chokhala ndi kamwezi ndi nyenyezi, chitsulo chake n'chotalika pafupifupi masentimita 10. Mukamutsegula amalira ke-ke-ke kenako n'kukhoma, ndipo sangatsekeke pokhapokha mutakoka kamphete kali pamsana pake. Kwa munthu amene akudula chingwe chokhuthala ali m'bwato lomwe likugwedezeka ndi mwera, loko ameneyu ndi amene amapulumutsa zala.

Mavuto ake alipo awiri. Amachoka kufakitale asali wakuthwa kwenikweni, moti muyenera kukhala naye pansi ndi mwala wonolera tsiku lomwelo. Ubwino wake savuta kunola, ngakhale mwala wa kumtsinje umachita. Vuto lachiwiri ndi dzimbiri. Mukatumbulira kampango n'kumupinda osapukuta, mawa lake mumupeza atafiira. Mankhwala ake ndi kutsuka, kuumitsa, n'kupaka kadontho ka mafuta ophikira. Akayamba kuda pang'onopang'ono musadandaule, kuda kumeneko si dzimbiri ndipo kumathandiza kuteteza chitsulo. Dziwaninso kuti ku South Africa mpeni umenewu uli ndi mbiri ya atsotsi, choncho ndi wa kudoko ndi kumunda, osati wolowa nawo m'bala usiku.

Opinel ndi wa ku France, wa banja la Joseph Opinel lomwe linayamba kuupanga mu 1890. Wa nambala 8, wa chitsulo cha masentimita 8.5, ndi umene umakwana bwino m'thumba. Pa kudula kokha, pa itatuyi palibe woufika. Chitsulo chake n'chopyapyala, moti umasenda chinangwa kapena kulenga tomato osaphwanya, ndipo ndi wopepuka kwambiri. Loko wake ndi kamkombero kachitsulo kamene mumapotokola ndi chala, komwe anakawonjezera mu 1955. Ulipo wa mitundu iwiri: wolembedwa Carbone umachita dzimbiri ngati Okapi, wolembedwa Inox suchita.

Komabe ine sindingaupereke kwa msodzi. Chigwiriro chake ndi thabwa lokhalokha, ndipo likanyowa limafufuma n'kupana chitsulo. Mumakoka ndi chikhadabo koma osatuluka. Eni ake amamenyetsa nsonga ya chigwiriro pa thabwa kuti chitsulo chisuzumire, ndipo zimathekadi, koma munthu amene manja ake sauma kuyambira mbandakucha sangamachite zimenezo tsiku ndi tsiku. Ndi mpeni wabwino kwa mphunzitsi, mlimi wa kudimba kapena mayi wogulitsa zipatso pa Kamuzu Road.

Victorinox, wofiira wa kamtanda uja, ndi wa ku Ibach ku Switzerland, kumene Karl Elsener anayambitsa ntchitoyi mu 1884. Iye madzi saopa. Mphamvu yake ili pa tizida tinato: chotsegulira botolo, chotsegulira chitini, chomasulira sikuluwu, ndipo ena ali ndi kasizasi ndi kasowo. Wa kabaza wa njinga yamoto kapena wokonza mawaya a sola amupeza wothandiza kuposa enawo. Koma mitundu yake yodziwika ija ilibe loko, chitsulo n'chachifupi, pafupifupi masentimita 7, ndipo mamba a nsomba ndi mchenga zikalowa m'timipata take, kutsuka kwake ndi ntchito. Mtengo wakenso ndi wokwera. Mukaona wofiira wotchipa pabenchi la pamsika, tsegulani mpeni waukuluwo muyang'ane patsinde pake: weniweni amadindidwa dzina la Victorinox ndi mawu akuti Swiss Made kapena Switzerland, ndipo kazida kalikonse kamatseguka n'kutsekeka mwamphamvu, osagwedera.

Za timipeni topanda dzina tonyezimira tija sindichulutsa. Tina timagwira ntchito miyezi ingapo, koma musanapereke ndalama katseguleni, kagwedezeni uku ndi uku, kenako kanikizani msana wake pa thabwa zala zili kutali. Loko akagonja pamenepo, kasiyeni.

Kwa amene ntchito yake ili pamadzi, ine ndimati Okapi, bola akhale munthu wosaiwala kupukuta. Ndi wolimba, mtengo wake ndi wofikirika, ndipo akagwera m'nyanja pa Chipoka simukhala sabata mukudandaula. Opinel ndi Victorinox weniweni sapezeka wamba m'mashopu a kuno, nthawi zambiri mpaka kutuma wina wochokera ku Lilongwe kapena ku Joni. Mukatuma wobwera pa ndege, mukumbutseni kuti auike m'chikwama chachikulu chopimitsa, chifukwa m'kachikwama ka m'manja amulanda pachipata.