Kabekale ka ku Matawale ku Zomba, keke ya malambe ndiye dilu

Kabekale aka ndikukapatsa nyenyezi 4 pa 5, ndipo zinayizo ndi za zinthu zakwathu zomwe amaika m'makeke mwawo, osati zachizungu zomwe amatengera pa intaneti ayi.

Malowo ndi aang'ono zedi, nyumba wamba yomwe anaigumula khoma la pabalaza, matebulo ochepa mkati ena pakhonde, uvuni uli kuseri koma fungo limakupeza usanatsike n'komwe pa kabaza. Ukalowa usayembekeze masikono ndi ma Obama a tsiku ndi tsiku aja, alipo inde pakona koma anthu sabwerera zimenezo.

Choyamba keke ya malambe. Amwene, ine malambe ndinawazolowera mu juwisi ndi mafilizesi a ana asukulu basi, sindinkaganiza kuti angalowe mu kirimu, koma amasakaniza ufa wake uja ndi kirimu n'kupaka pakati pa keke ndiye kuwawasa kwa malambe kumapha shuga yense uja amakutopetsa pa makeke a pa ukwati, umadya mpaka kumaliza osafuna madzi. Ndinafunsa achemwali a pa kauntala kuti kodi mumaika mandimu, akuti ayi aunt ndi malambe okhaokha osefa bwino. Palinso timabanzi ta mbatata yofiira mkati ija, amaiphika n'kuikanya n'kusakaniza ndi fulawa, timatuluka tachikasu tofewa mpaka mawa lake, komanso paja tirigu ambiri amachokera kunja ndiye ndi m'mene fulawa wadulira mbatatayo ikuwathandiza. Chigumu chawo ndi chomwechi cha nthochi ndi mgaiwa koma amathira chiponde pakati ndi mtedza wa makademiya pamwamba, agogo anga akanati mwachiononga, ine ndinagula china chopita nacho kunyumba.

Nyengo ya masitiroberi ikakwana amagula kwa anyamata a ku Chawe aja amakuthamangira ndi timabasiketi ukamakwera phiri, n'kupanga jamu wawo, ndiye funsani kaye ngati alipo chifukwa nyengo ikatha sanamiza, amangokuuza kuti kulibe.

Khofi ndi wa ku Mzuzu, amagaya pompo uli kuona. Ali bho, wamphamvu, kungoti kapu yake ndi yaing'ono kwa ife tinakulira tiyi wa mu kapu ya pulasitiki yaikulu ija. Tiyi wa ku Thyolo aliponso kwa amene khofi amakugunditsani mtima.

Pomwe ndachotsa nyenyezi ndi pa croissant, kabuledi kachizungu kopindika ka batala. Chinthu chija chimafuna batala akhale wozizira pokanda kuti chituluke timagawo timagawo, ndiye kutentha kwa Okutobala kuno kuphatikiza magetsi ozimazima, batala amasungunuka, chomwe ndinapatsidwa chinali buledi wopindika wamafuta basi koma mtengo wake wokwera kuposa keke ya malambe ija. Mwina mu Juni kukamazizira chimatuluka bwino kaya, koma ine sindigulanso. Kuchedwa nakonso kulipo, magetsi akazima mashini a khofi amaima mpaka alize jenereta, ndipo mtsikana ndi m'modzi yemweyo wolandira ndalama, wopanga khofi, wopukuta matebulo, wachisoni ndithu koma sakwiya.

Mitengo si ya mandasi a pa msika, tisanamizane, keke kachidutswa kamodzi ndi khofi ndi ndalama ya ndiwo za tsiku lonse pakhomo, n'chifukwa chake ana a ku Chanco umawaona atatu pa kapu imodzi atatsegula malaputopu kudya WiFi mpaka madzulo, mpando osaupeza. Airtel Money ndi Mpamba amalandira zonse.

Pitani m'mawa isanakwane 10 zinthu zikadali zotentha, Loweruka masana mupeza mashelefu ayera kwatsala masikono okha. Lamulungu satsegula. Keke ya pa bathide amapanganso koma akuti muziwauziratu masiku angapo, ine ndaoda kale ya malambe ya mwana wanga mwezi wamawa.