Phazi Likupwetekabe: Opaleshoni Ina Kapena Kuyamba Mwadikira?

Ena akachitidwa opaleshoni ya Morton's neuroma, kachotupa ka mtsempha wotithandiza kumva kukhudza, pakati pa chala chachitatu ndi chachinayi cha phazi, ululu sutha. Pansonga pamene anadula mtsempha pamaphuka kachotupa kena, munthu n'kumamva ngati waponda kamwala, usiku phazi n'kumayaka.

Opaleshoni yachiwiri ilipo. Dokotala amadula mtsemphawo chakumtunda n'kubisa nsonga yake m'mnofu. Kwa ife a ku Dedza ndiye kuti kalata yopita ku chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe, masabata osapita kumunda wa mbatata, ndipo dzanzi la zala silichoka. Ena amapepukidwa, ena ayi.

Ine ndimati muyambe ndi njira yofatsa. Nsapato ikhale yotakasuka kutsogolo, yopanda gogoda. Kasiponji kofewa kaikidwe kumbuyo pang'ono kwa pamene pakupweteka, osati pomwepo. Panado sachita zambiri pa ululu wa mtsempha. Mankhwala a amitriptyline, omwa usiku dokotala akakulemberani, amathandiza ena, koma amatenga masabata, amaumitsa kukamwa ndiponso amawodzeretsa. Chisanu cha June kuno chimadzutsa ululu, choncho valani masokosi okhuthala mukamalawirira ku Bembeke. Ikadutsa miyezi osasintha, kambiranani ndi dokotala za opaleshoniyo.